David Douglas Duncan: msilikali amene adajambula ndi kulemba za nkhondo zitatu

David Douglas Duncan adali msilikali, wojambula zithunzi komanso mlembi wa mabuku wa ku America. Adabadwa pa 23 Januwale 1916 mumzinda wa Kansas City m'chigawo cha Missouri, ndipo adamwalira pa 7 Juni 2018 m'tauni ya Grasse kummwera kwa dziko la France ali ndi zaka 102. Amadziwika kwambiri ndi zithunzi zimene adajambula pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pa nkhondo ya ku Korea ndi pa nkhondo ya ku Vietnam. Zambiri mwa zithunzizo adazisanja yekha m'mabuku oposa 20 amene adatulutsa, ndipo odziwika kwambiri pa nkhani za usilikali ndi This Is War! la mu 1951 ndi War Without Heroes la mu 1970.

Chimene chidamusiyanitsa ndi atolankhani anzake n'chakuti iye adayamba wakhala msilikali asadalembedwe ntchito pa magazini. Ankadziwa kulemera kwa katundu amene msilikali amasenza, njala yake ndi mantha ake. Choncho akafika kunkhondo sankachedwa kumalikulu kumene akuluakulu amaloza mapu. Ankatsikira m'maenje mmene mwabisala asilikali wamba n'kulozetsa kamera pankhope zawo. Chikondi chake pa asilikaliwo sichidazirale moyo wake wonse, koma chikhulupiriro chake mwa atsogoleri amene ankawatuma chidanka chichepa, mpaka mu 1968 adatulutsa kabuku kodzudzula poyera nkhondo imene dziko lake lomwe linkamenya.

Ubwana ndi maphunziro

Duncan adakulira ku Kansas City, ndipo ali mnyamata ankakonda kuyenda m'tchire ndi kusaka. Atamaliza sukulu ya sekondale adapita ku yunivesite ya Arizona mumzinda wa Tucson kukaphunzira zofukula zinthu zakale. Kumeneko ndi kumene adayamba kugwira kamera. Idali kamera yapulasitiki yotsika mtengo kwambiri, ya masenti 39, imene mlongo wake adamupatsa ngati mphatso pamene ankakwanitsa zaka 18.

Mu Januwale 1934 hotela ya Congress mumzinda wa Tucson idapsa. Duncan adathamangirako ndi kamera yake ija ndipo pakati pa anthu amene adawajambula padali bambo wina amene ankalimbikira kuti atulutsiridwe sutikesi yake m'nyumba yoyakayo. Patapita masiku ochepa zidadziwika kuti pahotelapo pankagona anthu a m'gulu la John Dillinger, chigawenga chothyola mabanki chimene apolisi a dziko lonselo ankachisaka, ndipo gululo lidagwidwa sabata yomweyo. Zithunzizo sizidasindikizidwe, koma Duncan ankasimba nkhaniyi mpaka ukalamba wake, kunena kuti ndi pamene adazindikira kuti munthu wokhala ndi kamera pamalo oyenera amasunga zimene maso a ena angoona n'kuiwala.

Kenaka adasamukira ku yunivesite ya Miami m'chigawo cha Florida, kumene adamaliza maphunziro a zanyama ndi Chisipanishi mu 1938. Ali pasukulu adapata mphoto pa mpikisano wa kampani ya Kodak ndi chithunzi cha msodzi wa ku Mexico akuponya ukonde. Atachoka pasukulu adayamba kudzigwirira ntchito payekha. Ankayenda m'maiko a ku Central America ndi South America kujambula asodzi, alenje ndi zamoyo zam'nyanja, n'kumagulitsa zithunzi ndi nkhani zake ku nyuzipepala ya Kansas City Star komanso ku magazini ya National Geographic. Kuyambira nthawi imeneyo adazolowera kugwira ntchito ziwiri pakamodzi, kujambula ndi kulemba, ndipo sadazilekanitsenso.

Kulowa usilikali

Dziko la America lidalowa m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse Japan itaphulitsa doko la Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941. Duncan adalembetsa m'gulu la asilikali la Marine Corps, lomwe ntchito yake yaikulu ndi kutsika m'sitima zapamadzi n'kukamenya nkhondo pamtunda. Mu 1943 adalandira udindo wa second lieutenant, womwe ndi woyambira pakati pa maofesala, ndipo adatumizidwa ku zilumba za m'nyanja ya Pacific ngati wojambula wa gululo.

Kumayambiriro kwa 1944 adali pachilumba cha Bougainville, kumene adaphatikana ndi asilikali a ku Fiji amene ankamenya nkhondo yachibisalira m'nkhalango, kuseri kwa malo amene asilikali a Japan adakhazikika. Pamalo otchedwa Ibu asilikali a ku Fiji aja adapanikizidwa ndi adani owaposa kuchuluka, ndipo Duncan adayenera kugwira mfuti ngati wina aliyense mpaka gululo lidapulumuka. Nkhani ya ulendowu pamodzi ndi zithunzi zake idatuluka mu National Geographic mu 1945. Pachilumba chomwecho adadziwana ndi ofesala wachinyamata wa asilikali apamadzi dzina lake Richard Nixon, amene patapita zaka 25 adadzakhala mtsogoleri wa dziko la America.

Pa nkhondo ya pachilumba cha Okinawa mu 1945 Duncan adachita zimene ambiri adaziona ngati kuika moyo pachiswe. Adalowa m'thanki imene idamangiriridwa kunsi kwa phiko la ndege yankhondo ya P-38, yomwe kutsogolo kwake adaikako pulasitiki yoonekera, kuti ajambule pafupi pamene ndege zinkaponya mabomba. Pa 2 Sepitembala 1945 adali m'sitima yankhondo ya USS Missouri pagombe la Tokyo, kujambula nthumwi za Japan zikusaina chikalata chovomereza kugonja. Adatuluka m'nkhondoyo ndi mamendulo angapo, kuphatikizapo ya Legion of Merit ndi ya Purple Heart, yomwe imaperekedwa kwa msilikali amene wavulala pankhondo.

Pa magazini ya Life

Mu 1946 Duncan adalembedwa ntchito pa magazini ya Life. Amene adamuchitira umboni adali J. R. Eyerman, mkulu wa ojambula pa magaziniyo, yemwe adaona ntchito zake za ku Pacific. Masiku amenewo wailesi ya kanema idali isadafike m'nyumba zambiri, ndipo Life, imene Henry Luce adaikhazikitsa mu 1936 ndipo inkatuluka sabata iliyonse, ndiyo inkaonetsa mabanja mamiliyoni a ku America mmene dziko lakunja likuonekera. Chithunzi chimene chatuluka mu Life chinkakambidwa m'nyumba, m'sukulu ndi m'maofesi a boma.

Kwa zaka khumi Duncan adali munthu wa paulendo. Adajambula ku Iran, ku Palestine pamene ulamuliro wa Britain unkatha, ku Turkey, ku Greece, ku Egypt ndi ku Saudi Arabia. Mu 1947 adali ku India pamene dzikolo linkalandira ufulu n'kugawidwa pawiri, India ndi Pakistan. Maulendowa adamuphunzitsa kuona mmene maufumu a atsamunda ankagwera, phunziro limene lidadzaonekera pambuyo pake m'zimene adalemba za Vietnam.

Nkhondo ya ku Korea

Mu Juni 1950 Duncan adali ku Japan kukajambula zaluso zamakedzana za dzikolo. Pa 25 Juni asilikali a North Korea adawoloka malire n'kulowa ku South Korea, ndipo m'masiku oyambirira omwewo iye adali atafika kale kumalo ankhondo. Asilikali a America ndi a South Korea, omwe ankamenya m'dzina la bungwe la United Nations, adakankhidwira kummwera mpaka adatsala ndi kadera kakang'ono kozungulira doko la Pusan. Asilikali a Marine Corps atafika kudzathandiza, Duncan adaphatikana nawo monga munthu wobwerera kwa abale ake.

Mu Sepitembala, pamapiri oyang'anizana ndi mtsinje wa Naktong, adajambula chimodzi mwa zithunzi zodziwika kwambiri za nkhondoyo. Ndi nkhope ya Kaputeni Francis Fenton, amene anzake ankamutcha Ike, atangouzidwa kuti zipolopolo za gulu lake zatsala pang'ono kutha ndipo palibe thandizo limene likubwera. Mvula ikudontha pachipewa chake chachitsulo, ndevu zamera, maso akuyang'ana patali osaona kanthu. Pachithunzipo palibe mfuti ikulira kapena bomba likuphulika, koma woona amadziwa kuti munthuyu wasenza miyoyo ya anyamata ambiri ndipo alibe chowapatsa. Pankhondo yomweyo adajambulanso kopolo wina woomba mfuti ya chiwaya akugwetsa misozi atabwerera kudzatenga mabomba oponya pamanja n'kupeza kuti atha. Duncan adasimba kuti patapita milungu ingapo adakumananso ndi kopoloyo n'kumuonetsa chithunzi chake m'magazini, ndipo m'mawa mwake mnyamatayo adaphedwa.

Asilikali a United Nations atatsika padoko la Inchon pa 15 Sepitembala, nkhondo idatembenuka. Duncan adatsagana ndi asilikali a Marine Corps polanda mzinda wa Seoul, kumene ankamenyana msewu ndi msewu, ndipo kumeneko adajambulanso mabanja a ku Korea akuthawa ndi ana pakati pa nyumba zakugwa. Koma asilikaliwo atapitirira kulowera kumpoto kufupi ndi malire a China, dziko la China lidalowerera. Kumapeto kwa Novembala gulu lalikulu la First Marine Division, lotsogoleredwa ndi Oliver P. Smith, lidazingidwa m'mapiri a kudamu la Chosin. Kunkazizira kupitirira madigiri 30 pansi pa ziro, moti chakudya cham'zitini chinkauma ngati mwala ndipo asilikali ambiri adaonongeka zala ndi mapazi.

Duncan adakwera ndege kukawapeza ndipo adayenda nawo pansi ulendo wobwerera kugombe la Hungnam. Zithunzi za ulendowu zimaonetsa mizere ya anthu ofunda chilichonse chimene adachipeza, akuyenda mu chipale chofewa pambuyo pa magalimoto odzaza mitembo ya anzawo. M'bandakucha wina adapeza msilikali atagwira chitini cha nyemba zouma ndi chisanu, akulephera kuzitapa ndi supuni. Atamufunsa chimene akadapempha akadapatsidwa mwayi wopempha chilichonse, msilikaliyo adakhala chete nthawi yaitali, kenaka n'kupempha tsiku la mawa lokha. Chithunzi cha msilikaliyo ndi yankho lakelo zidafalikira dziko lonse la America nyengo ya Khirisimasi ya chaka chimenecho.

Magalasi a ku Japan

Nkhondo ya ku Korea idasinthanso malonda a makamera, ndipo Duncan adatengapo mbali mosayembekezera. Nkhondo isadayambe, wojambula wa ku Japan Jun Miki adamujambula ndi galasi la kamera la Nikkor, lopangidwa ndi kampani ya Nippon Kogaku. Duncan adadabwa ndi kuwala kwa chithunzicho, adapita kufakitale kukayesa magalasiwo, ndipo adagula ena n'kuwamanga pa makamera ake a Leica. Ndi magalasi amenewo adajambula zithunzi zake za ku Korea.

Nthawi imeneyo ojambula ambiri ankakhulupirira kuti magalasi abwino amachokera ku Germany kokha, ndipo katundu wa ku Japan ankamuona ngati wosalimba. Akatswiri otsuka zithunzi ku ofesi ya Life ku New York ataona mafilimu a Duncan adafunsa chimene akugwiritsa ntchito, ndipo mu Disembala 1950 nyuzipepala ya New York Times idalemba nkhani yoyamikira magalasi a ku Japan. Kuyambira pamenepo dzina la Nikon lidayamba kumveka kunja kwa Japan. Mu 1965 kampaniyo idamupatsa kamera ya Nikon F ya nambala 200,000 pomuthokoza. Nayo kampani ya Leica idamupangira makamera anayi apadera otchedwa M3D, chilembo chomalizacho chikuimira dzina lake, ndipo imodzi mwa makamerawo idagulidwa pa mtengo wa mayuro 1.68 miliyoni pamsika wopikisana mitengo ku Vienna mu 2012.

Buku la This Is War!

Mu 1951 kampani ya Harper and Brothers idasindikiza buku la This Is War!, mutu umene tanthauzo lake ndi lakuti nkhondo ndi imeneyi. Bukuli lili ndi zigawo zitatu. Choyamba, The Hill, chikunena za kulimbirana phiri pafupi ndi mtsinje wa Naktong. Chachiwiri, The City, ndi cha kulandidwa kwa Seoul. Chachitatu, Retreat, Hell!, ndi cha ulendo wochoka ku Chosin. Kumayambiriro kwa chigawo chilichonse Duncan adalemba nkhani yofotokoza zimene adaona, kenaka n'kusiya zithunzi zidzilankhulira zokha.

Adachita chinthu chimene sichidali chozolowereka m'mabuku a nkhondo. Pansi pa zithunzi sadaikepo mawu ofotokozera, maina a anthu, masiku kapena malo, ndipo masamba sadawapatse manambala. Cholinga chake chidali chakuti wowerenga asathamangire kufunsa kuti uyu ndani, wa udindo wanji, koma ayang'ane nkhope monga mmene amawerengera mawu, tsamba ndi tsamba, mpaka amve kutopa, mantha ndi kupirira kwa munthu amene ali pamoto. Bukuli silifotokoza chifukwa chimene nkhondoyo idayambira, silitamanda akuluakulu a asilikali, ndipo silitha ndi chipambano. Limathera pa anthu amene angopulumuka.

Edward Steichen, mkulu wa gawo la zithunzi ku Museum of Modern Art mumzinda wa New York, amenenso adatsogolera ojambula a asilikali apamadzi pa nkhondo yachiwiri, adaliyamikira bukuli kuti lili pamwamba pa mabuku a zithunzi za nkhondo. Ndalama zimene Duncan adapeza pa bukuli adazipereka kuti zithandize akazi ndi ana amasiye a asilikali a Marine Corps amene adafera ku Korea. Nkhondoyo idaima pa 27 Julayi 1953, asilikali a America oposa 36,000 atafa, pamodzi ndi anthu a ku Korea ndi a ku China ochuluka kwambiri kuposa pamenepo.

Chenjezo la mu 1953

Mu 1953 Life idamutuma ku Indochina, dera la maiko a Vietnam, Laos ndi Cambodia, kumene dziko la France linkamenyana ndi gulu la Viet Minh lotsogoleredwa ndi Ho Chi Minh pofuna kusunga ulamuliro wake wachitsamunda. Boma la America linkathira ndalama zambiri pankhondoyo poopa kufalikira kwa chikomyunizimu. Duncan atayendera derali adalemba nkhani imene idatuluka mu Ogasiti 1953 yonena mosapsatira kuti France yatsala pang'ono kugonja, chifukwa anthu a m'dzikomo sali kumbali yake.

Nkhaniyo idakwiyitsa akuluakulu a boma la France ndipo sidamusangalatse Henry Luce, amene ankachirikiza nkhondo yolimbana ndi chikomyunizimu ku Asia. Koma pa 7 Meyi 1954 linga la asilikali a France ku Dien Bien Phu lidagwa, ndipo posakhalitsa ulamuliro wa France m'derali udatha. Mwezi womwewo mnzake wa Duncan, wojambula wotchuka Robert Capa, adafa ataponda bomba lokwirira pansi kumpoto kwa Vietnam. Mu 1956 Duncan adasiya ntchito ku Life. Kuchokera apo ankagwira ntchito payekha, ndipo m'mabuku ake iye mwini ndiye ankasankha zithunzi, kuzisanja ndi kuyang'anira kasindikizidwe kake.

Zaka za Picasso

Capa asadamwalire adamulangiza Duncan kuti tsiku lina akaonane ndi Pablo Picasso, katswiri wa ku Spain wojambula ndi penti amene ankakhala kummwera kwa France. Pa 8 Febuluwale 1956 Duncan adagogoda panyumba ya Picasso yotchedwa La Californie mumzinda wa Cannes. Jacqueline Roque, amene pambuyo pake adakwatiwa ndi Picasso, adamulowetsa mpaka kuchipinda chosambira, ndipo chithunzi choyamba chimene Duncan adajambula ndi cha nkhalamba ya zaka 74 ili m'bafa, ikuseka. Ubwenzi umene udayamba tsikulo udakhala zaka 17, mpaka imfa ya Picasso pa 8 Epulo 1973.

Picasso adamulola kulowa ndi kutuluka m'nyumbamo ngati wachibale, ndipo Duncan adamujambula akugwira ntchito, akudya, akuvina ndi kusewera ndi ana ake. Mu 1958 adatulutsa The Private World of Pablo Picasso, ndipo mu 1961 Picasso's Picassos, buku loonetsa zojambula zimene mwiniwake adadzisungira osazionetsa kwa anthu. Adatsatiza ena monga Goodbye Picasso mu 1974 ndi The Silent Studio mu 1976. Ngakhale galu wa Duncan, Lump, adakhazikika kwa Picasso kuyambira mu 1957 ndipo amaoneka m'zojambula zingapo za katswiriyo.

M'zaka zomwezo Duncan adapeza chilolezo kwa mtsogoleri wa Soviet Union Nikita Khrushchev chojambula chuma chamakedzana chosungidwa ku Kremlin mumzinda wa Moscow, ndipo buku la The Kremlin lidatuluka mu 1960. Mu 1966 adalemba mbiri ya moyo wake m'buku la Yankee Nomad. Ambiri adaganiza kuti za nkhondo wazisiya.

Vietnam ndi kabuku kodzudzula

Mu 1967, ali ndi zaka 51, Duncan adabwerera kunkhondo, ulendo uno motumidwa ndi Life pamodzi ndi wailesi ya kanema ya ABC. Tsopano asilikali a America ndiwo ankamenya nkhondo m'dziko lomwe lija adalichenjezera zaka 14 m'mbuyomo. Adapita ku Con Thien, kaphiri kamatope kufupi ndi malire a North Vietnam ndi South Vietnam, kumene asilikali a Marine Corps ankakhala m'maenje mizinga ikuwagwera usana ndi usiku. Zithunzi zake zidatuluka mu Life mu Okutobala 1967, ndipo bungwe la atolankhani la Overseas Press Club lidamupatsa mendulo ya golide ya Robert Capa ya chaka chimenecho, imene imaperekedwa kwa wojambula amene waonetsa kulimba mtima kwapadera.

Mu Febuluwale 1968 adatera pa bwalo la ndege la Khe Sanh, kumene asilikali pafupifupi 6,000 adazingidwa ndi asilikali a North Vietnam kuyambira pa 21 Januwale. Kuzingidwako kudatenga masiku 77. Duncan adajambula anyamata akuthamangira m'maenje, ndege zikupsa pabwalo, ovulala akudikira helikopita ndi mitembo itakutidwa m'matumba. Atabwerera ku New York sadadikire kuti apange buku lalikulu. M'milungu yochepa adatulutsa kabuku ka chikuto chofewa kotchedwa I Protest!, kutanthauza kuti ndikutsutsa, ndipo kankagulitsidwa dola imodzi kuti aliyense akathe kugula.

M'kabukuko adadzudzula atsogoleri a ndale ndi a asilikali a dziko lake chifukwa cha mmene ankayendetsera nkhondoyo, mmene mabomba awo ankasakazira dziko la Vietnam ndi anthu ake, komanso mmene mbiri ya America inkaipira pamaso pa maiko ena. Mawuwa adalemera chifukwa cha amene adawanena. Sadali mwana wasukulu wochita zionetsero pamsewu, koma msilikali wakale wa mamendulo, amene palibe akadamunena kuti amadana ndi asilikali. Mu Juni 1968, miyezi yochepa kuzingidwa kutatha, akuluakulu a asilikali adalamula kuti malo a Khe Sanh aphwasulidwe ndi kusiyidwa.

Chaka chomwecho Duncan adajambulira wailesi ya kanema ya NBC misonkhano ikuluikulu ya zipani ziwiri za ku America, wa Republican ku Miami Beach ndi wa Democratic ku Chicago, kumene apolisi adamenya anthu otsutsa nkhondo. Mnzake wa ku Bougainville uja, Richard Nixon, adamulola kumujambula ali yekha m'chipinda cha hotela akulemba zokalankhula. Zithunzizi zidalowa m'buku la Self-Portrait: U.S.A. la mu 1969. Mu 1970 adatulutsa War Without Heroes, kutanthauza nkhondo yopanda ngwazi, buku lalikulu la zithunzi zakuda ndi zoyera za ku Cua Viet, Con Thien ndi Khe Sanh. Limeneli ndilo lidali buku lake lomaliza lochokera kumalo ankhondo. Pamene nkhondoyo inkatha mu 1975, asilikali a America oposa 58,000 adali atafa.

Zimene zithunzi zake zimaonetsa ndi zimene zimasiya

Njira ya Duncan idali ndi mphamvu zake komanso malire ake. Ankagwiritsa ntchito makamera ang'onoang'ono a filimu ya mamilimita 35, osawalitsa nyali, ndipo ankakhala ndi gulu limodzi la asilikali masiku ambiri, kudya zimene akudya ndi kugona pamene akugona, mpaka iwo n'kuiwala kuti pali kamera. N'chifukwa chake nkhope za m'zithunzi zake sizioneka zokonzekera. Zithunzizo ankakonda kuzisindikiza zoderako, kuti maso a munthu ndiwo aziwala pakati pa mdima.

Komabe nkhondo imene imaoneka m'mabuku ake ndi ya msilikali wa ku America, makamaka wa Marine Corps. Adani saoneka kawirikawiri, ndipo anthu wamba a ku Korea ndi ku Vietnam, amene adafa ochuluka kuposa asilikali a America, ali ndi malo ochepa. Duncan ankapewanso kuonetsa nkhope za asilikali akufa ndi matupi onyenyeka, poganizira makolo ndi akazi awo amene akadatsegula magaziniyo kunyumba. Zithunzi zimene zidagwedeza kwambiri anthu pa nkhondo ya ku Vietnam zidajambulidwa ndi ena, monga cha Eddie Adams cha mkaidi akuomberedwa pamsewu ku Saigon mu 1968 ndi cha Nick Ut cha mtsikana wopsa ndi bomba la napalm mu 1972. Ntchito ya Duncan idali ina. Iye ankafuna kuti anthu okhala mwamtendere kwawo aone bwinobwino munthu amene amutuma kukafa m'malo mwawo, ndi kuti atsogoleri asamamuwerenge ngati nambala chabe.

Zaka zomaliza

Mu 1972 nyumba yosungira zaluso ya Whitney Museum of American Art ku New York idachititsa chionetsero cha zithunzi zake za nkhondo, ndipo adakhala wojambula zithunzi woyamba kupatsidwa chionetsero cha yekha pamalopo. Mu Disembala chaka chomwecho magazini ya Life idasiya kutuluka sabata ndi sabata, wailesi ya kanema italanda owerenga ndi otsatsa malonda. Nyengo imene chithunzi chosindikizidwa chinkatsogola pouza anthu za nkhondo idali ikutha.

Duncan adakhazikika ku Castellaras, kufupi ndi Cannes, kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo adapitiriza kutulutsa mabuku a nkhani zosiyanasiyana. Ena mwa iwo ndi The World of Allah la mu 1982, lochokera pa maulendo ake m'maiko a Chisilamu, Sunflowers for Van Gogh la mu 1986 ndi Photo Nomad la mu 2003, limene likuwunikanso moyo wake wonse. Mu 1996 adapereka nkhokwe ya ntchito zake ku Harry Ransom Center pa yunivesite ya Texas mumzinda wa Austin. M'nkhokwemo muli mafilimu, zithunzi, makalata, makamera ndi zolemba zoyambirira za mabuku ake, ndipo ofufuza za mbiri ya nkhondo ndi ya utolankhani amazigwiritsa ntchito mpaka lero.

Adamwalira ndi chibayo m'chipatala cha ku Grasse, patatha zaka 50 chichokereni ku Khe Sanh ndi zaka pafupifupi 68 chijambulireni Kaputeni Fenton pamvula ya ku Naktong.